Kanema wa Fairbanks wa 1921 asanyozedwe chifukwa choti alibe mawu

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa maganizo amene amamveka kawirikawiri pakati pa anthu okonda mafilimu, akuti makanema akale opanda mawu anali oyeserera chabe, ndipo kanema weniweni anayamba pamene ochita sewero anayamba kumveka akulankhula. Ine sindigwirizana nawo, ndipo umboni wanga ndi The Three Musketeers, kanema amene anatuluka ku America mu 1921, wotsogoleredwa ndi Fred Niblo, momwe Douglas Fairbanks anasewera ngati d'Artagnan.

Nkhani yake inachokera m'buku la Alexandre Dumas, limene linkasindikizidwa chigawo ndi chigawo m'nyuzipepala ya ku Paris yotchedwa Le Siècle mu 1844. D'Artagnan, mnyamata wosauka wa ku Gascony, chigawo cha dziko la France, ananyamuka mu 1625 pa kavalo wokalamba, kupita ku Paris kukafuna usilikali wa Mfumu Louis XIII, ndipo atangofika kumene anaputa mkangano ndi asilikali atatu, Athos, Porthos ndi Aramis, mpaka anapangana ndi aliyense wa iwo kuti akamenyane ndi malupanga tsiku lomwelo. Ndewu zotere zinali zoletsedwa, choncho alonda a Kadinala Richelieu, nduna yaikulu ya mfumu, anabwera kudzawagwira, ndipo mnyamatayo anatembenuka n'kumenya nkhondo kumbali ya anthu atatu amene amati amenyane nawo aja. Ubwenzi wawo unayambira pamenepo.

Dumas ankadalira kwambiri zokambirana za anthu ake, ndiye opanga kanema amene analibe njira yojambulira mawu anayenera kupeza china choonetsera khalidwe la munthu aliyense. Anachipeza m'thupi la Fairbanks. Bamboyu anali ndi zaka 38 pamene ankasewera ngati mnyamata wa zaka 18, koma amene waonera kanemayu sakhala ndi nthawi yowerengera zaka, chifukwa munthuyo sakhazikika pansi. Amathamanga, amalumpha, amaseka lupanga lili m'manja, ndipo pakati pa ndewu ina amapidiguka m'malere atatsamiza dzanja limodzi lokha pansi, chinthu chimene mpaka lero chimatchulidwa pakati pa zodabwitsa za makanema oyambirira. Palibe chifukwa choti wina atiuze kuti d'Artagnan ndi wopupuluma, wonyada komanso wopanda mantha, pakuti maso athu aona kale. Nigel De Brulier, amene anali Richelieu, anachita zosiyana kotheratu. Iye ndi wowonda, amayenda pang'onopang'ono, ndipo amaopsa ndi kayang'anidwe kokha, moti mukawaona awiriwa mumadziwa kuti pakulimbana changu cha mnyamata ndi nzeru za mkulu wodziwa kudikira. De Brulier anaukhoza udindowu mwakuti anaubwerezanso mu The Iron Mask ya 1929 ndi m'makanema ena a pambuyo pake.

Sindikunena kuti kanemayu alibe chilema. Anatenga theka loyamba lokha la buku, nkhani ya ulendo wa ku England wokatenga diamondi zimene Mfumukazi Anne, mkazi wa Louis XIII, anapatsa Buckingham, nduna ya ku England, kuti mfumukaziyo isachite manyazi pamaso pa mwamuna wake. Theka lachiwiri, limene lili ndi nkhondo ya ku La Rochelle, kuphedwa kwa Buckingham, imfa ya Constance, wokondedwa wa d'Artagnan, atamwetsedwa poizoni, ndi kudulidwa mutu kwa Milady, kazitape wamkazi wa Kadinala, usiku m'mbali mwa mtsinje wa Lys, analisiya lonse. Ngakhale Constance amene m'buku ndi mkazi wa Bonacieux, mwini nyumba imene d'Artagnan ankakhala, mu kanemayu anamusandutsa wachibale wa bamboyo wosakwatiwa, n'cholinga choti ngwazi yathu isaoneke ikufunsira mkazi wa mwini. Apa anaibera nkhani mchere wake. Anthu a Dumas si oyera mtima. Amamwa, amatchova juga, amadyera akazi ndalama, ndipo pamapeto pake amaweruza okha mkazi n'kumupereka kwa wakupha. Milady, amene Barbara La Marr anamusewera, sanapatsidwe mpata woonetsa kuopsa kwake konse. Chaka chomwecho ku France, Henri Diamant-Berger anapanga kanema wa nkhani yomweyi m'zigawo 12, ndipo kutalika kwakeko kunamulola kutsatira buku mokhulupirika. Mwana wasukulu amene angaonere Fairbanks n'kuganiza kuti wamudziwa Dumas adzakhala atadzinamiza.

Komabe kudula kumeneku sikunachitike chifukwa chosowa mawu. Kunachitika chifukwa Fairbanks, amene mu 1919 anakhazikitsa kampani ya United Artists pamodzi ndi Mary Pickford, Charlie Chaplin ndi D. W. Griffith, ankapanga makanema ndi ndalama zake ndipo ankadziwa kuti anthu amalipira kuti adzamuone akuseka ndi kupambana. The Mark of Zorro ya 1920 inali itamuphunzitsa kale zimenezi.

Tikumbukirenso kuti makanema amenewa sankaonetsedwa kuli zii. M'maholo ang'onoang'ono munkakhala woimba piyano, m'maholo akuluakulu gulu lonse la oimba, ndipo ku Japan kunkakhala munthu wotchedwa benshi amene ankaima pambali n'kumafotokoza nkhani ndi kulankhulira ochita sewerowo. Ife amene tinazolowera mafilimu akunja omasuliridwa m'Chichewa ndi ma DJ sitingadabwe ndi ntchito imeneyi, ndipo kanema ngati uyu angawayenere bwino anyamatawa kuposa ambiri amene amalimbana nawo, popeza mawu olembedwa ndi ochepa ndipo zochitika zimadzifotokoza zokha.

Kafukufuku amene Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, inatulutsa mu 2013 anapeza kuti pafupifupi makanema 70 mwa 100 alionse aatali opanda mawu a ku America anatayika kotheratu. Uyu anapulumuka, ndipo poti zaka za umwini wake zinatha ku America, amapezeka pa intaneti mwaulere. Pempho langa kwa inu akonzi n'lakuti tsamba lanu la zaluso lizipatsako malo makanema otere, ndipo aphunzitsi a zisudzo awaonetse ophunzira awo ndewu ya d'Artagnan ndi alonda a Kadinala asanawapatse mawu oti aloweze.

Ine wanu,
Wokonda makanema akale,
Zomba.