Njinga yotsamira imafuna kuiphunzira mwatsopano

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndilankhule ndi akuluakulu amene anasiya kupalasa njinga chifukwa cha msana, khosi kapena kuwawa kwa chishalo, ndipo tsopano akuganiza za njinga yotsamira, ija munthu amakhala pampando, miyendo ili kutsogolo. Kuno ku Mulanje n'zosowa, koma si zachilendo padziko: mu 1933 Francis Faure wa ku France anayenda makilomita 45 pa ola limodzi panjinga yotere, ndipo mu 1934 bungwe la UCI, loyang'anira mipikisano ya njinga padziko lonse, linaziletsa m'mipikisano yake.

Amene anakulira panjinga wamba ndiye amavutika, chifukwa thupi limafuna kuweramira kutsogolo n'kumakoka handulo. Apa zimenezo n'zimene zimagwetsa munthu.

Yambani n'kuyeza. Msana utagunda chotsamira, chidendene chizifika papedulo yakutali mwendo utawongoka, kuti popalasa bondo lizitsala lopindika pang'ono. Chitsulo chonyamula mapedulo chimatalikitsidwa kapena kufupikitsidwa, ndipo mukachisuntha kwambiri muyenera kuwonjezera kapena kudula tcheni, chomwe kutalika kwake kumaposa matcheni awiri a njinga wamba.

Chovuta chenicheni ndi kunyamuka. Pitani pabwalo la sukulu lopanda anthu, ikani giya yopepuka, gwirani buleki. Phazi limodzi likhale pansi, linalo papedulo yomwe mwaikweza pamwamba penipeni. Siyani buleki, kankhani mwamphamvu msana utakanikiza mpando, phazi lapansi likwere msangamsanga. Maso akhale kutali, osati pamapazi. Manja akaumitsa handulo njinga imayamba kupepeluka, choncho igwireni ndi zala basi. Musanaime, bwezerani giya yopepuka, apo ayi kunyamukanso kukukanikani. Pokhota mothina, chidendene chimatha kugunda tayala lakutsogolo. Lekani kupalasa mpaka mutakhota.

Zitunda za ku Thyolo musazithamangire. Panjinga iyi simungaimirire pamapedulo, ndiye sinthani giya chitunda chisanayambe ndipo muzizunguza miyendo mofulumira. Kukankha giya yolemera mutatsamira kumapweteketsa mawondo. Ntchafu zimatenga masabata angapo kuti zizolowere, ngakhale kwa munthu amene kale ankachita kabaza. Pamaenje napo simungadzuke pampando, choncho chepetsani liwiro musanafikepo.

Pamsewu wa ku Muloza pamadutsa malole ambiri, ndipo njingayi ndi yaifupi. Galasi loonera kumbuyo n'lofunika chifukwa kucheuka mutatsamira n'kovuta. Mangani kambendera kowala pandodo yaitali, ndipo chiperoni chikatsika yatsani nyali ngakhale masana.

Njinga zotsamira zambiri zimakhala ndi tayala laling'ono kutsogolo, la mainchi 20. Matayala otere alipo amitundu iwiri, 406 ndi 451, ndipo limodzi silikwana pamalo pa linzake. Werengani nambala pambali pa tayala musanapite kukagula ku Chitakale kapena ku Limbe.

Wokonza njinga,
Mulanje