Lipoti la Nthumwi pa Maphunziro a Kasamalidwe ka Maimelo mu Ofesi

A Wapampando, akuluakulu a komiti ndi mamembala nonse,

Ndikupereka lipoti ili monga nthumwi imene munaituma ku maphunziro a alembi a mabungwe ang'onoang'ono amene anachitikira ku Lilongwe, ndipo ndikuthokoza kwambiri pondikhulupirira. Tinaphunzira zambiri, koma mfundo imene ndikupempha komiti kuti iiganizire mozama ndi yakuti makalata amatisowa chifukwa tilibe dongosolo limodzi, pomwe zipangizo zofunika tili nazo kale, ndiponso nzaulere.

Aphunzitsi anayamba ndi funso lakuti imelo ya bungwe ili m'manja mwa yani. Ambiri tinayankha mofanana, kuti makalata onse amafikira pa adiresi ya mlembi, m'foni mwake, moti iye akadwala kapena akapita kumaliro kumudzi, kalata ya amene amatithandiza ndi ndalama imangokhala osayankhidwa mpaka tsiku lomaliza lopereka lipoti kudutsa. Umu ndi momwe zililinso kwathu kuno. Anatilangiza kutsegula adiresi ya dzina la bungwe, ndipo anationetsa kuti Gmail imalola mwini akaunti kupatsa munthu wina chilolezo chowerenga ndi kuyankha makalata popanda kumuuza mawu achinsinsi. Zikatero, msungichuma angathe kugwira ntchito mlembi akachokapo, ndipo wina akasiya udindo, chilolezo chake chimangochotsedwa, makalata n'kutsala m'manja mwa bungwe.

Pa nkhani ya chizolowezi ndi pamene tinakhalitsa. Uphungu unali wakuti maimelo azitsegulidwa pa nthawi zoikika, monga m'mawa ndi masana, m'malo mothamangira foni nthawi iliyonse ikalira, ndipo kalata ikatsegulidwa, chochita nayo chidziwike pomwepo. Anatchula lamulo limene anatchukitsa David Allen, wolemba mabuku wa ku America, lakuti ntchito yosapitirira mphindi ziwiri ichitidwe nthawi yomweyo. Kalata yofuna nthawi yaitali iikidwe pa Snooze kuti idzatulukenso pamwamba pa tsiku limene mwasankha, pomwe yomwe nkhani yake yatha iikidwe ku Archive. Mayi wina wachikulire anadandaula kuti akadina Archive ndiye kuti kalata yatayika. Mphunzitsi sanatsutsane nawo, koma anawapempha kuti alembe from: ndi adiresi ya wotumiza m'malo ofufuzira, n'kuwonjezera has:attachment, ndipo kalata ya chaka chatha yokhala ndi risiti inatulukira pa sikirini tonse tikuona. Kalata imene imafufutika yokha ndi yomwe yaponyedwa ku Trash kapena yagwera ku Spam, komwe kumapita makalata okayikitsa, ndipo izi zimachitika pakatha masiku 30.

Tinayesanso kupanga label ndi filter, zomwe mu pulogalamu ina ya maimelo ya Outlook zimagwira ntchito ngati mafoda ndi Rules, kuti makalata a kubanki, a mamembala ndi a boma azidzisanja okha akamafika. Maganizo anga ndi akuti tisachulutse magulu amenewa, chifukwa mlembi wokhala ndi mafoda ambirimbiri amataya nthawi poganiza koika kalata m'malo moiyankha. Anayi kapena asanu atikwanira.

Zina ndingozitchula mwachidule. Akaunti yaulere ya Google ili ndi malo okwana 15 GB amene Gmail imagawana ndi Google Drive komanso Google Photos, ndipo malowo akadzaza makalata atsopano amasiya kulowa, choncho zithunzi za misonkhano tisamaziunjike mmenemo. Chikalata choposa 25 MB chimatumizidwa ngati linki ya pa Drive. Pa kompyuta, Gmail ingathe kukonzedwa mu Chrome kuti munthu aziwerenga ndi kulemba mayankho netiweki ikavuta, mayankhowo n'kupita okha ikabwerera. Nthawi yobweza kalata yotumizidwa molakwika, imene imayambira pa masekondi 5, ingathe kuwonjezeredwa kufika pa 30.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi chenjezo la potumiza uthenga umodzi kwa anthu ambiri. Tikaika maadiresi onse poonekera, timaulutsa adiresi ya membala aliyense kwa anthu amene sanawalole kukhala nayo, pomwe dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act la chaka cha 2024, limene MACRA inapatsidwa udindo woliyang'anira. Maadiresi otere aziikidwa pa Bcc, malo amene amabisa maadiresi kuti olandira asaone a anzawo. Ku maphunzirowo kunabweranso ena otsatsa mapulogalamu olipira mwezi ndi mwezi, koma poona kuchepa kwa thumba lathu, sindikuona chifukwa chowagulira pakali pano.

Choncho ndikupempha komiti kuti pa msonkhano ukubwerawu ivomereze kutsegula adiresi ya bungwe yotetezedwa ndi nambala yotsimikizira imene imabwera pa foni, isankhe anthu awiri oiyang'anira, ndiponso igwirizane za masiku amene kalata iliyonse iyenera kukhala itayankhidwa. Ndine wokonzeka kukhala pansi ndi a mlembi ndi a msungichuma kuti tidutse limodzi m'zimene ndinaphunzira, a Wapampando mukatipatsa tsiku.

Ine wanu,
Nthumwi ya bungwe