Chingwe chikhoza kukwera mumtengo popanda kukweza mwana

Akonzi,

Ndipatseniko kamalo ndinenepo zomwe ndinaona kwathu ku Area 36 sabata yathayi, poti miyezi ino ya Okutobala ndi Novembala aliyense mu Lilongwe muno ali kalikiliki kugwetsa mitengo yomwe yayandikira malata mvula ya mphepo ija isanayambe.

Kuseri kwa nyumba yathu kunali bulugamu amene anadzala eni ploti akale, wamtali mwina mamita 15, ndipo anapendekera ku fensi ya aneba moti kukachita mphepo usiku mayi akunyumba samagona. Nde tinapeza anyamata awiri aganyu, anabwera ndi nkhwangwa, chikwanje ndi chingwe cha buluu cha nayiloni chija. Nditawafunsa kuti chingwechi mukachimanga bwanji m'mwambamo, anangoseka nkuloza kamnyamata komwe kamawanyamulira zida, ka zaka mwina 12, akuti bwana musadandaule aka nkopepuka kamakwera ngati pusi. Koma abale bulugamu tonse timamudziwa, thunthu lake nloterera, makungwa amasupuka okha, nthambi youma imangothyoka osayamba yalira kaye. Mwana wa eni ake agwe pa ploti panga ndikawauza chani makolo ake? Ndinakana, iwonso anati ndiye ntchito yakanika.

Anatipulumutsa ndi madala ena oyandikana nafo amene anagwirapo ntchito ya mitengo ku Chikangawa kalelo. Anamva mkangano nkutulukira ndi ndodo yawo, anauyang'ana mtengo uja nkunena kuti, ana inu, chingwe sachinyamula kukwera nacho, amachitumiza. Anaitanitsa kabotolo ka madzi ka 500ml, thwaini amene amamanga amipanda poyika layini ya njerwa, ndi ndowa. M'botolomo anathiramo mchenga mpaka theka basi, akuti likadzadza limalemera silifika patali, likapepuka kwambiri silitsika lokha mbali inayo limangolendewera m'masamba. Anamanga thwaini pakhosi pa botolo, thwaini wotsalayo anamuunjika mu ndowa mosapinda, kungomugwetseramo pang'onopang'ono, ine ndimaona ngati zopanda pake koma ndi pamene pagona nzeru, chifukwa thwaini wa pansi amakola udzu ndi timitengo pomwe wa mu ndowa amangosololoka yekha. Kenako anauza m'modzi wa anyamata aja kuti alendewetse botololo pafupi ndi mawondo, alikankhe kutsogolo ndi kumbuyo kangapo kenako alitaye cham'mwamba kuloza pa mphanda yomwe iwo anasankha.

Sizinatheke kamodzi ayi. Koyamba linakagwera pa denga la bafa, kachiwiri linakola kanthambi kakang'ono madala nkukana kuti ako kathyoka, mpaka kachisanu ndi pamene linadutsa pa mphanda yeniyeni nkutsika mbali inayo. Apo zinali zophweka, anamasula botolo, nkumangirira chingwe chachikulu ku thwaini, kukoka mpaka chinakwera nkutsikanso, kunsonga anapanga kadiso kosathina nkulowetsamo mbali inayo, pokoka chingwe chinakwera chokha nkukagwira thunthu kuti gwa. Asanayambe kudula anauza anyamata onse awiri kuti alendewere pa chingwecho kaye, ngati chili choduka chidukiretu mtengo udakali chiimire.

Chimene ndinaphunzira nchakuti anthufe timalakwitsa pomanga chingwe m'munsi, pamene pafika manja kapena makwerero, poti ndi pamene pali pafupi. Chingwe cha m'munsi chilibe mphamvu pa mtengo, mumangotopa nako kukoka. Chimafunika chikagwire kupitirira theka la mtengo, cha pa magawo awiri mwa atatu, komanso pa thunthu osati pa nthambi ya m'mbali. Ndipo chikhale chachitali zoti okokawo aime kutali kuwirikiza kawiri kutalika kwa mtengo. Cha anyamata aja chinali chachifupi, tinachita kukabwereka china, madala atachipotokola nkuona kuti chikutulutsa fumbi loyera anachibweza akuti chapsa ndi dzuwa. Analetsanso zokulunga chingwe pa dzanja, mtengo ukabwerera umapita nawe kapena umatsala opanda zala.

Mawa lake chidwi chinandipeza, ndinazungulira mahadiweya angapo mtauni kufunsa ngati amagulitsa kathumba koponyera chingwe kamene timaona pa YouTube akugwiritsa ntchito anzathu akunja. Zingwe zinalipo, machenisoo analipo, koma kathumbako ogulitsa amangondiyang'ana ngati ndikulankhula zakumutu. Chonsecho ndi kanthu kachabechabe, kathumba ka nsalu yolimba kokhala ndi zolemera mkati ndi kamphete komangirapo. Telala aliyense wa pakhonde ku Kawale kapena ku Biwi angasoke ndi chigamba cha jinzi yakale, ngakhale sokosi yakutha yothira mchenga imagwira ntchito. Kwa mitengo yaifupi ngati mango, keshya kapena malaina sipafunikanso zoponya, nsungwi yaitali yomangirira waya wopinda ngati mbedza kunsonga imakwanira kukoloweka chingwe pa mphanda, ngati mmene timathyolera mapapaya. Ena akuti amagwiritsa legeni, kumangirira ulusi wa mbedza ku nati nkulasa, imafika pamwamba kwambiri koma m'malokeshoni muno nyumba ndi zothithikana, nati ikaphonya ikaswa windo la munthu kapena mutu wa mwana. Nchifukwa chakenso mwala, chidutswa cha njerwa kapena sipanala musayerekeze, chikamenya thunthu chimakubwererani kumaso pomwe mchenga umangoti phwa nkugwa.

Apo pali mawaya a ESCOM ndiye osaponya chilichonse, thwaini wonyowa amadutsa magetsi, nsungwi yaiwisinso chimodzimodzi. Kawauzeni eni ake.

Pempho langa lipite kwa a nthambi ya zankhalango ndi a TEVETA, anyamata odula mitengowa achuluka mtauni muno ndipo ambiri anangophunzira poonera, bwanji osawakonzera ka maphunziro ka tsiku limodzi, ngakhale pa wailesi pomwe? Nanga madala ngati athuwa alipo angati, ndipo akadzapita nzeruzi azisiyira ndani? Ifenso olemba ganyu tizifunsiratu kuti chingwe akachimanga bwanji tisanagwirizane malipiro.

Bulugamu uja anamutema kakamwa mbali ya kudimba, kumbuyo anadula cham'mwamba pang'ono nkusiya kamtima pakati kuti kamuongolere, ife anthu asanu tili ku chingwe kudikira madala akuwe kuti kokani. Anagwera ndendende pamene madala anajambula ndi ndodo yawo, changophwanyika ndi papaya m'modzi amene mayi akunyumba mpaka lero akundiwerengera. Kamnyamata kaja ntchito yake inali yogwira ndowa, ndipo pochoka anyamatawo anapempha botolo lija ndi thwaini yemwe nkuponya mchikwama chawo.

Wowerenga wanu,
Area 36, Lilongwe