Za kamtengo kolozera madzi: tiziwerenganso mijigo youma

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani ya anthu amene amaloza pamene pali madzi a pansi pa nthaka pogwiritsa ntchito kamtengo ka mphanda kapena mawaya awiri opindika. Ine ndakalambira pa makina obowola mijigo, ndipo eni malo akhala akundifunsa kuti, “Kodi bambo, anthu a kamtengowa amadziwadi, kapena amangotidyera ndalama?” Yankho langa silisangalatsa mbali iliyonse. Ambiri mwa amene ndidakumana nawo pantchito sadali akuba ayi, ankakhulupirira ndi mtima wonse zimene ankachita. Koma kamtengo kawoko si kamene kankapeza madzi.

Amene sadaonepo amaganiza kuti wolozayo amachita kugwetsa dala kamtengoko. Si choncho. Amagwira nthambi ziwiri za mphandayo zikhatho zitayang’ana kumwamba, zigongono zili m’nthiti, n’kukanula nthambizo pang’ono mpaka kamtengo katakungika ngati uta. Akatero amayenda pang’onopang’ono, nsonga ili kutsogolo. Mwadzidzidzi nsonga ija imagwadira pansi mwamphamvu, nthawi zina mpaka khungwa kusupukira m’manja. Inenso ndidagwirapo, ndipo zimamveka ngati wina akukoka kuchokera pansi. Chimene chimachitika n’chakuti kamtengo kokungika chonchi kamangodikira kuti dzanja lipendeke pang’ono chabe, mwini wake osadziwa n’komwe, basi kapidiguka. Mawaya ndiye osachita kunena. Amagwiridwa mopepuka m’nkhonya, ndipo manja akangopendekera mkati pang’onong’ono, amapingasana okha. Dokotala wina wa ku England, William Carpenter, adafotokoza zimenezi m’chaka cha 1852: minofu ya munthu imatha kutsatira zimene maganizo ake akuyembekezera popanda iye kuilamula. Ndiye kamtengo kamagwa pamene mwini wake, mumtima mwake, akuona kuti m’poyenera.

Mwambowu ndi wakale, ndipo poyamba udatchuka ndi migodi, osati madzi. Anthu okumba miyala ya mtengo wapatali ku Germany ankayenda m’mapiri ndi mphanda kufunafuna siliva ndi zitsulo zina. Georgius Agricola adajambula ndi kufotokoza zimenezi m’buku lake la zamigodi lotchedwa De Re Metallica la 1556, koma iye mwini adalangiza kuti wokumba wanzeru aziyang’ana zizindikiro za nthaka ndi miyala m’malo modalira kamtengo. Martin Luther, m’chaka cha 1518, adaika mchitidwewu m’gulu la zinthu zophwanya lamulo loyamba la Mulungu. Za machimo ndikusiyira abusa, ine ndikukamba za madzi. Komabe nkhani ya Jacques Aymar wa ku France imandichititsa nthumanzi. Mu 1692 adagwiritsa ntchito kamtengo kake kulondola anthu amene adapha banja lina mumzinda wa Lyon, ndipo munthu amene adamuloza adaphedwa khoti litamugamula. Patsogolo pake atamuyesa bwinobwino ku Paris, Aymar adalephera.

Ena amati akatswiri a sayansi amangonyoza osayesa. Adayesa, ndipo mayeso aakulu adachitika ku Germany komweko. Mu 1987 ndi 1988, pafupi ndi mzinda wa Munich, adasonkhanitsa oloza madzi pafupifupi 500 n’kusankhamo 43 amene ankaoneka kuti ali ndi luso kuposa anzawo. Adawalowetsa m’chinyumba chosanja cha pafamu. Pansi adaika paipi yodutsa madzi imene ankaisuntha nthawi iliyonse, wolozayo n’kumayenda m’chipinda cha pamwamba kuti anene pamene paipiyo ili. Mayeso onse adakwana 843. Amene ankatsogolera ntchitoyi adati anthu ochepa chabe mwa iwo adaonetsa luso, koma katswiri wina wa ku America, Jim Enright, atapendanso manambala omwewo, adapeza kuti zotsatira zake sizidasiyane ndi kungolota, ndipo amene ankalasa lero ankaphonya mawa. Mu 1990 mumzinda wa Kassel, ku Germany komweko, adakwirira mapaipi apulasitiki masentimita 50 pansi, oloza pafupifupi 30 n’kufunsidwa funso losavuta: kodi m’paipimu mukuyenda madzi kapena ayi? Asadayambe, onse adavomereza kuti mayesowo ndi achilungamo ndipo apambana. Adalasa monga momwe angalasire munthu wongoponya ndalama m’mwamba.

Nanga bwanji mijigo yambiri yolozedwa ndi kamtengo imatulutsa madzi? Apa ndi pamene ndikufuna awerengi amvetsetse, chifukwa ndi pamene anthu amasokonezekera. Ambiri amaganiza kuti pansi pali timitsinje ting’onoting’ono tokhotakhota, ndiye ukaphonya ndi mita imodzi waphonya madzi. Mitsinje ya pansi ilipodi, koma kawirikawiri imapezeka m’madera a miyala ya laimu imene madzi amaisungunula n’kupanga mapanga. M’madera ena ambiri madzi amakhala m’timipata ta pakati pa mchenga, nsangalabwi ndi miyala yofumbutuka, atafalikira dera lonse. Pamalo otere, kaya mwaloza ndi kamtengo, kaya mwaponya chipewa n’kubowola pamene chagwera, madzi muwapeza. Bungwe la boma la America loona za nthaka ndi miyala, United States Geological Survey, lidatulutsa lipoti la mbiri ya kamtengoka mu 1917, ndipo mpaka lero limanena kuti m’madera ambiri n’kovuta kubowola osapeza madzi ngakhale pang’ono.

Vuto limabwera pa thanthwe lolimba. Pamenepo madzi amakhala m’ming’alu mokha ndi m’chigawo cha mwala wofumbutuka cha pamwamba pa thanthwelo. Wobowola amadziwira pa zimene zikutuluka m’dzenje. Fumbi likamatuluka louma, lotuwa, tsiku lonse, nkhope za eni malo zimayamba kugwa. Likayamba kudera, n’kumamatirira ukalifinya m’dzanja, timayang’anana osalankhula. Kenaka nyundo ya makina obowolera ikalasa mng’alu, matope amathovoka mpaka kunyowetsa aliyense amene waima pafupi. Koma ndaonapo kangapo fumbi louma mpaka mapaipi onse obowolera atatha, pamalo pamene kamtengo kadagwada mwamphamvu anthu akuombera m’manja. Zikatero mayankho amakhala okonzeratu: simudabowole penipeni pamene ndidakhoma chikhomo, kapena mwalekera panjira, madzi ali pansi pang’ono. Mwini malo ndalama zake zapita, ndipo chifukwa cha manyazi nkhaniyo saifalitsa. Mjigo umene watulutsa madzi aliyense amaudziwa ndipo dzina la wolozayo limamveka kutali. Wouma amaukwirira, udzu n’kumerapo.

Komanso kupeza madzi pakokha si nkhani. Mwini mjigo afunika kudziwa kuti madziwo ali pa mamita angati, akutuluka malita angati pa ola, ngati adzakhalepobe chilimwe chikafika pachimake, ndiponso ngati ndi abwino kumwa. Pali mijigo imene imatulutsa madzi amchere oti ngakhale sopo sachita thovu. Ina ili ndi mchere wa m’miyala wotchedwa fluoride wopitirira mamiligalamu 1.5 pa lita, mlingo umene bungwe la World Health Organization limalangiza, ndipo ana omwa madzi otere mano awo amachita mawanga ofiirira. Zonsezi kamtengo sikanena.

Sindikufuna kuwalanda ulemu oloza onse. Mkulu wina amene ndidagwira naye ntchito ankafika pamalo m’mamawa, mphanda asadadule n’komwe. Ankayamba waima pamtunda n’kuyang’ana kumene madzi a mvula amalowera. Ankayang’ana mitengo imene yakhalabe yobiriwira ina itayoyola masamba, makamaka ikandandalika mzere umodzi, chifukwa nthawi zambiri mizu yake imakhala ikutsata mng’alu. Ankatola miyala n’kuiswa, n’kufunsa anthu oyandikana nawo kuti zitsime zawo n’zakuya bwanji ndipo zimaphwa mwezi uti. Pofika podula kamtengo, malo adali atawasankha kale m’mutu mwake, ngakhale iye akadakana kwamtuwagalu mukadamuuza choncho. Nzeru zoterozo n’zoyenera kulipidwa. Chimene chimandidandaulitsa n’chakuti achinyamata amene akutengera ntchitoyi akutola kamtengo kokha, kuwerenga nthaka kuja akukusiya.

Makina nawonso tisawapembedze. Njira yoyeza nthaka ndi magetsi, imene Conrad Schlumberger wa ku France adayamba kuyesa mu 1912, ndi yomveka: mumakhoma zitsulo zinayi mumzere, ziwiri zimalowetsa magetsi m’nthaka, ziwiri zimayeza, ndipo mwala wonyowa umadutsitsa magetsi mosavuta kuposa thanthwe louma. Koma dongo nalonso limadutsitsa magetsi mosavuta, chonsecho silipereka madzi, ndiye woyeza wosadziwa bwino ntchito akhoza kukulozerani padongo. Kusiyana kwake n’kwakuti iye amasiya manambala papepala amene katswiri wina angathe kuwaona n’kunena pamene padalakwika. Chenjeraninso ndi timabokosi tokhala ndi kamlongoti kozungulira tomwe ena amati ndi makina amakono. Ku Britain, James McCormick adagamulidwa kukhala m’ndende zaka 10 mu 2013 chifukwa chogulitsa tizipangizo totere ku Iraq ndi maiko ena, ati tozindikira mabomba, pamene mkati mwake mudalibe chilichonse chogwira ntchito. Ndipo musaganize kuti nkhaniyi ndi ya anthu osaphunzira okha. Mu 2017 zidadziwika kuti makampani 10 mwa 12 opereka madzi ku Britain komweko adali ndi antchito amene ankagwiritsabe ntchito mawaya pofufuza mapaipi.

Kwa amene akufuna kubowola mjigo, pempho langa ndi ili. Aliyense amene wabwera kudzakulozerani malo, wa kamtengo kapena wa makina, akupatseni mndandanda wa malo onse amene adalozapo m’dera lanu, ouma omwe, ndipo mupite mukafunse eni ake. Mugwirizane polemba, ntchito isadayambe, kuti dzenje likapezeka louma alipira ndani. Madzi akatuluka musathamangire kuvina: awapope kwa maola angapo muone ngati akutsika, atengeko ena akayezedwe, ndipo wobowola akusiyireni pepala losonyeza miyala imene wadutsa pa mita iliyonse.

Kwa inu Akonzi, tsiku limene mudzatume mtolankhani kukalemba za munthu wa kamtengo, mudzamuuze kuti akafunsenso obowola a m’deralo kuti maenje ouma ali pati, akawaone ndi maso ake, n’kuwawerenga pamodzi ndi amene akutulutsa madzi.

Ine wanu,
Wobowola mijigo wopuma pantchito