Poyamikira luso la makompyuta m'zipatala, musaiwale akuchigwa

Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndilankhulepo pa nkhani ya makompyuta m'zipatala zathu. Ntchito imeneyi ikamayamikiridwa, mayina amene timamva ndi a mabungwe ndi akuluakulu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Sindikuwachitira nsanje ayi, ntchito anaigwiradi. A Baobab Health Trust anayamba kuika makompyuta ongodina pagalasi ku chipatala cha Kamuzu Central mu 2001, ambirife tisanagwirepo ndi foni yam'manja yomwe, ndipo njira imeneyi inadzafalikira m'zipinda zolandirira ma ARV m'maboma. Chipatala cha pa Foni, chimene a VillageReach anayambitsa ku Balaka mu 2011, lero chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo, moti mayi woyembekezera wa kwa Ndamera atha kuimba 54747 pa Airtel osalipira kalikonse n'kufunsa zimene zikumudetsa nkhawa. Amenewa ngoyenera kuwaombera m'manja. Pempho langa ndi lakuti nawonso aoneke anthu amene akuyendetsa makinawa kuno kuchigwa cha Shire, kumene madzi, dzuwa ndi kuzima kwa magetsi zonse zimalimbana nawo.

Wakumtunda mwina sangamvetse msanga chifukwa chake kompyuta ya kuchipatala ili nkhani yaikulu kwa ife. Mbiri ya matenda a munthu imakhala m'buku la kuchipatala, ndipo bukulo ndi pepala. Kuno madzi anatisesa mu 2015, anabweranso ndi namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022, wa Freddy mu 2023. Madzi akalowa m'nyumba usiku munthu amanyamula mwana, sakumbuka buku.

Azakhali anga amamwa mankhwala otalikitsa moyo. Pa nthawi ya Freddy buku lawo linapezeka m'matope, masamba atamatirirana, inki itasungunuka, osawerengeka ngakhale dzina. Atachoka kumsasa kupita kuchipatala anali ndi mantha kuti awabweza, kapena awayambitsa zonse pachiyambi ngati munthu wachilendo. Kalaliki wa pamenepo, mnyamata wamng'ono ndithu, anangowafunsa dzina, mudzi ndi mfumu yawo. Anadinadina pagalasi paja, n'kuwauza mtundu wa mankhwala amene amalandira, tsiku limene analandira komaliza, ndi nthawi imene anayezetsa magazi. Kamakina kapambali kanatulutsa kapepala ka mizeremizere, iye n'kukamata pabuku latsopano. Azakhali anabwerera ndi mankhwala tsiku lomwelo. Anthu ambiri sadziwa kuti mbiri ija inapezeka chifukwa chakuti wina ankailowetsa mokhulupirika mwezi ndi mwezi, ngakhale masiku amene magetsi anazima, pamene ankayamba walemba papepala n'kudzatsalira madzulo anzake ataweruka kuti akopere m'kompyuta.

Ndipo magetsi kuno amazimadi. Namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, m'boma lathu lomweli la Chikwawa, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Onjezanipo kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala ku Ngabu ndi ku Nsanje kumapitirira madigiri 40, mabatire a sola amafooka msanga, makina amatentha n'kudzizimitsa okha mzere wa odwala uli panja. Alangizi a zaumoyo, amene tsopano ena amayenda ndi matabuleti m'midzi, amakwera pachulu kusaka netiweki kuti atumize malipoti a katemera ndi a ana onyentchera, ndipo kufupi ndi malire foni imathawira ku netiweki ya ku Mozambique. Ku Makhanga, kumene nthawi ya dzinja kumafikika ndi bwato, chipangizo chikafa sikuti katswiri afika mawa.

Nawonso ma droni, tindege topanda munthu mkati timene tinayamba kunyamula magazi okayeza ndi mankhwala m'maboma a Nsanje ndi Chikwawa, anatchuka kwambiri m'nyuzi. Koma kandege sikadzilongedza kokha. Pali wina amene amatenga magazi, kulemba bwino nambala, kudikira padzuwa kuti katere, zotsatira zikabwera n'kupalasa njinga kukamusaka wodwalayo kumudzi. Ameneyo chithunzi chake sindinachionepo paliponse.

Sindikunena kuti zonse zili bwino. Mbale wanga wina atatumizidwa kuchokera kuchipatala chaching'ono kupita kuchachikulu, anakafunsidwanso zonse kuyambira pachiyambi, chifukwa makompyuta a malo awiriwo sankalumikizana. Anamwino ambiri akulemba kawiri, m'kaundula wa pepala ndi m'makina, odwala akudikira. Ndiponso makinawa afika kwambiri kumbali ya HIV, kumene kunali ndalama za abwenzi akunja, pomwe wa shuga, wa BP kapena mayi wa sikelo akudalirabe buku lomwe lija lotha kunyowa. Boma la America litaimitsa thandizo lake lambiri kumayambiriro kwa 2025 tinaona poyera kuti ntchito imeneyi yatsamira pa thumba la eni, ndipo makalaliki ambiri amene amalipidwa ndi mabungwe anagona osadziwa ngati mawa ali pantchito. Walira mvula walira matope: boma likafuna zipatala za makompyuta livomerenso kulipira magetsi ake, okonza ake ndi anthu ake.

Tsono ngati Unduna wa Zaumoyo ndi makhonsolo athu akufuna kuyamikira luso, ayambe ndi kufunsa mafunso oyenera. Asafunse kuti chipatala chili ndi makompyuta angati. Afunse kuti madzi atasefukira ndi odwala angati amene mbiri yawo inapezeka, ndi angati amene sanadumphitse mankhwala, ndipo mzere wafupika bwanji. Mayina a oyenera kuyamikiridwa achokere kwa makomiti a zipatala, mafumu ndi magulu a anthu amene amalandira mankhwala, chifukwa iwowa ndiwo amadziwa kalaliki amene sakalipira nkhalamba ikaiwala chaka chobadwa, ndi amene amatha kumufunsa wodwala m'Chisena akaona kuti Chichewa chikumuvuta. Zipatala za mishoni monga Trinity ku Muona, Kalemba ku Bangula ndi Montfort ku Nchalo zisasiyidwe kunja, pakuti odwala ake ndi ife tomwe.

Mphotoyo isakhale chikho choika pashelefu mu ofesi ya bwana. Kalaliki wochita bwino alembedwe ntchito yokhazikika m'boma kapena atumizidwe kusukulu. Chipatala chopambana chipatsidwe masola ndi mabatire olimba kutentha, ndiponso achinyamata a konkuno aphunzitsidwe kukonza makinawa kuti tisamadikire munthu wotsika Thabwa kuchokera ku Blantyre. Mwambo wake uchitikire kuno, pabwalo la chipatala, odwala akuona.

Ndikupempha akuluakulu a zaumoyo a Nsanje ndi Chikwawa kuti mvula isanayambe ayendere zipatala zonse za m'mbali mwa Shire ndi Ruo, aone ngati makina ndi mabatire aikidwa pamalo okwera, ndiponso ngati mbiri ya odwala yasungidwanso kwina kumene madzi sangafike.

Wowerenga wanu,
Bangula, Nsanje