Lipoti la Msonkhano wa ku Tete: Mbatatesi Yathu Tiyambe Kugulitsa kwa Yani?

Mayi Wapampando, akomiti ndi mamembala nonse, ndabwerako ku msonkhano wa mabizinesi ang'onoang'ono umene munandituma mumzinda wa Tete, ndipo pa funso lathu lija, loti malonda a mbatatesi yosankha tiyambe ndi ogula ati, yankho ndabwera nalo, ngakhale ndikudziwa kuti ena silikukomerani.

Ambirife mtima unali pa makampani ophikira antchito a m'migodi ya malasha ku Moatize, poti amagula matumba ochuluka nthawi imodzi. Wotiphunzitsa sanatsutse zimenezo, koma anatikumbutsa kuti ogula otere amafuna gulu lolembetsa ku boma, lokhala ndi NUIT (nambala ya msonkho ya boma), lopereka fatura (chikalata chosonyeza katundu wogulitsidwa ndi ndalama zofunika kulipira), komanso lotha kufikitsa katundu wofanana sabata ndi sabata, dzinja ndi chilimwe chomwe, pamene malipiro ake kawirikawiri amatuluka patapita masabata katunduyo atadyedwa kale. Ife mpamba wathu ndi umodzi womwewo umene timagulira mbewu ndi feteleza wa kudimba, ndipo ukakatsakamira kumeneko nyengo yobzala idzatipitirira tikuyang'ana.

Chimene chinandikhutiritsa kwenikweni ndinachiona kunja kwa msonkhano, pa msika wa Kwachena. Mayi wina wokazinga tchipisi anakhuthulira thumba pansi ine ndikuona: pakamwa pa thumba panali zikuluzikulu zosiririka, pakati tating'onoting'ono tosasendeka, ndipo pansi panali zonyowa zimene kutentha kwa ku Tete kunali kutaziwoletsa kale. Anandiuza kuti angalolere kuwonjezera mametikali angapo kwa munthu amene thumba lake ndi lofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kunena zoona ndinachita manyazi, pakuti kapakiridwe kameneko ena a ife kuno ku Angónia timakadziwa bwino.

Choncho ndikupempha kuti tiyambe ndi okazinga tchipisi ndi eni malo odyera a ku Ulongué, ku Dómuè ndi pachipata cha Calómuè, m'malire ndi Malawi. Amagula pang'onopang'ono, inde, koma amagula sabata iliyonse, amalipira pompopompo pamanja kapena pa M-Pesa, ndipo ena mwa iwo tingawafikire ndi ngolo kapena njinga popanda kubwereka lole. Akadandaula, dandaulo lawo tidzalimva tsiku lomwelo n'kukonza. Msika wa mumzinda wa Tete ubwere pambuyo, tikadzapeza galimoto yoyenda usiku kukuzizira. Amalonda ochokera ku Dedza tisawathamangitse, koma tisawadalire, chifukwa mtengo wosinthira makwacha sukhazikika.

Pa msonkhano ukubwerawu tisankhe anthu awiri oti akayendere okazingawo ndi kulemba matumba amene aliyense amagula pa sabata ndi kukula kwa mbatatesi imene amafuna. Alembi nawo ayambe kufufuza za kalembetsedwe ka gulu, kuti tsiku limene tidzagogode ku Moatize mapepala adzakhale ali m'manja.