Ana a m'malire mwa nkhalango ya Kasungu akaione ali pamwamba pa phiri

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga a kuno ku Kasungu kudzera pa tsamba lanu la makalata. Nkhalango yathu yosungirako nyama ikatchulidwa m'nyuzi masiku ano, nkhani yake imakhala ya njovu zomwe zatuluka usiku n'kumaliza munda wa munthu, ya maliro a mlimi amene anakumana nazo m'mamawa, kapena ya mnyamata amene wagwidwa ndi mawaya a misampha. Zonsezi n'zoona ndipo n'zowawa. Koma zachititsa kuti mwana wobadwira kwa Chulu, kwa Lukwa kapena kwa Kawamba azikula akudziwa kuti kunkhalango n'kochokera mavuto basi. Amaiona ali kunja kwa waya, ali pansi, mitengo ya m'malire itamutchinga. Pempho langa ndi lakuti ana amenewa, pamodzi ndi agogo awo amene miyendo ikadalola, atengedwe akakwere phiri limodzi la m'kati mwa nkhalangoyo.

Phiri lomwe ndikunena ndi Black Rock, la kufupi ndi damu la Lifupa. Si lalitali ngati la Mulanje kapena la Dedza ayi. Ndi chithanthwe chakuda chomwe chinatumphuka pakati pa tchire, ndipo munthu wathanzi amafika pamwamba asanatope kwenikweni. Chovuta ndi kutalika kwa njira. Kuchoka pa boma kukafika pa chipata cha Lisitu ndi makilomita oposa 30, ndiye uyendenso m'kati mwa nkhalango mpaka ku Lifupa. Ukatsika galimoto suyenda wekha. Renja amatsogola ndi mfuti yake, ndipo phunziro limayambira pomwepo. Amagwada n'kuphwanya ndowe ya njovu kuti aone ngati ndi ya lero kapena ya dzana. Amatapa kafumbi n'kukawaza kuti adziwe komwe mphepo ikupita, chifukwa njovu siona patali koma fungo la munthu imalimva msanga. Amakusonyezani mtengo wosendedwa khungwa ndi minyanga, n'kukuuzani kuti mulankhule motsitsa. Mwana yemwe usiku amagona akumva abambo ake akumenya zitini kumunda kuthamangitsa njovu ayenera kuzimva zimenezi kuchokera kwa munthu amene amayenda nazo tsiku ndi tsiku. Mwina tsiku lina zingadzapulumutse moyo wake.

Pokwera, mwala umagwira bwino nsapato ngati kuli kouma. M'ming'alu mwamera timitengo tomwe mizu yake yakumbatira thanthwe, abuluzi akuothera dzuwa, ndipo nthawi zina anyani amakudzudzulani ali patali. Munthu umakwera utaweramira kutsogolo, maso ali pa mapazi, mpweya ukuchepa pang'ono. Kenaka mwala umatha, umaweramuka, ndipo palibenso choti chikutchinge.

Zomwe maso amaona pamenepo ine sindinazionepo kwina kulikonse m'chigawo chapakati. Mitengo yokhayokha, kum'mawa, kumadzulo, kumpoto, kummwera, mpaka pomwe dziko lakumana ndi thambo. Palibe denga la malata lonyezimira, palibe chigafa, palibe mzere wa munda. Mombo, tsamba, masuku, muwanga, zonse zagwirana mitu. Pakati pa mitengoyo pamadutsa timizere totuwa tokhotakhota, amenewo ndi madambo. Apa ndi apo mapiri ena atulutsa mitu yawo pamwamba pa tchire. Ukayang'ana kolowera dzuwa ukudziwa kuti kutsogoloko ndi ku Zambia, komwe kulinso nkhalango ya Lukusuzi, koma malire sungawaloze, ndipo njovu nazo siziwadziwa. Chiwombankhanga chomwe kumudzi timachiona titakweza khosi, pamenepo chimauluka chapafupi, nthenga zake zikuoneka bwino. Ukakhala phee kwa kanthawi, makutu amayamba kutola zinthu: njiwa, nthambi yothyoka kutali, mphepo ikubwera pamwamba pa mitengo isanakufike. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene amakwera, n'kujambula chithunzi pa foni, n'kutsika nthawi yomweyo, amabwerako ataona mitengo yokha. Wodekha amaona mtengo ukugwedezeka pomwe palibe mphepo, n'kuzindikira kuti pansi pake pali nyama.

Ndinaphunzitsa ku pulayimale zaka zambiri, ndipo ndinkajambula mitsinje ya dziko lino pa bolodi chaka ndi chaka. Ana ankaloweza kuti Dwangwa amachokera ku Kasungu n'kukathira m'nyanja ku Nkhotakota. Ankakhoza mayeso. Koma kuloweza ndi kwina, kuona ndi kwina. Madambo aja ndiwo amasunga madzi a mvula ngati chinkhupule, n'kumawatulutsa pang'onopang'ono kupita mu Lingadzi ndi mu Dwangwa mpaka chilimwe chitatha. Madzi omwewo ndiwo amakathirira nzimbe ku Dwangwa, komwe kumachokera shuga amene timathira mu tiyi. Mphunzitsi ataima pamwamba pa thanthwe lija n'kuloza dambo ndi chala, mwana sangadzafunenso kuloweza.

Wina anena kuti phiri tili nalo kale pa boma pomwepa, bwanji osakwera lomwelo. Ndikuvomereza, ndipo ndikufuna ana akwere onse awiri, chifukwa phunziro lenileni lili pa kusiyana kwake. Pamwamba pa phiri la Kasungu umaona tauni yathu yonse, msewu wa M1 ukupita ku Lilongwe mbali ina ndi ku Mzimba mbali ina, damu la Chitete lomwe timamwa, minda ndi maesiteti mpaka kutali. N'kokongola ndithu, ndipo ndi phiri lomwe makolo athu a kwa Mwase ankadalira nthawi ya nkhondo za Angoni. Koma mitengo yachilengedwe yoti uiloze ndi yowerengeka. Inapita ku mabani oumitsira fodya, ku mauvuni a njerwa, ku makala, ndi ku minda yatsopano pamene anthu tinkachuluka. Sindikuloza munthu chala, fodya yemweyo ndi amene anatilipirira sukulu ambiri a ife. Koma mwana wa zaka 12 lero akuganiza kuti Kasungu anali choncho chikhalire. Akaima pa Black Rock adzaona mmene dera lonseli linkaonekera agogo ake asanabadwe, ndipo palibe amene adzafunike kumuuza zambiri.

Pali chifukwa china chimene chimandikhudza kwambiri kuposa zonsezi. M'nkhalango muja munali midzi. Anthu anasamutsidwamo cha m'ma 1922, nthawi yomwe boma lathuli linkatchedwa Fort Alston, chifukwa cha matenda a kaodzera omwe amafala ndi kashembe. Malowo anakhala nkhalango yotetezedwa, kenaka mu 1930 anakhala malo osungirako nyama, ndipo mu 1970 anakhala paki ya dziko lonse, yachiwiri kukula pambuyo pa Nyika, yoposa masikweya kilomita 2,300. Mpaka lero muli ng'anjo zomwe makolo ankasungunuliramo chitsulo cha makasu ndi nkhwangwa, muli zotsalira za malinga omwe ankatchingira midzi nthawi ya nkhondo, ndipo pa phiri la Solonje pali zojambula zakale pa miyala. Mlendo wochokera ku Ulaya amabwera kudzaziona n'kuzilemba m'buku lake. Mdzukulu wa amene anaumba ng'anjoyo amakhala makilomita ochepa kuchokera pamenepo ndipo sanaionepo. Ichi ndi chimene chimandiwawa. N'chifukwa chake ndikuti agogo asatsale. Alipo okalamba m'midzi ya m'malire amene anamva kwa makolo awo komwe kunali mudzi wawo, komwe ankatunga madzi, komwe kuli manda a mtundu wawo. Akaima pamwamba paja adzaloza, ana adzamva, ndipo renja nayenso adzaphunzirapo. Anthu amenewa akutha, ndipo akapita apita nazo.

Ndikudziwa chomwe mayi amene njovu zinamudyera chimanga angandiyankhe. Adzati, aphunzitsi, kukongola kwa phiri kulowa m'nkhokwe? Sikulowa ayi. Njovu za m'nkhalangoyi zinali zoposa 1,000 m'zaka za m'ma 1970, zinaphedwa mpaka kutsala pafupifupi 50 pofika mu 2015, ndipo mu 2022 anabweretsa zina 263 kuchokera ku Liwonde. Chibwerereni njovuzo, midzi ya m'malire, ya kuno ndi ya ku Zambia komwe, yalira kwambiri. Mpanda wa waya wotchinga njovu uyenera kukhala wokwanira ndi kusamalidwa, marenja azifika msanga akaitanidwa, ndipo nkhani ya chipepeso kwa oferedwa ndi oonongeredwa mbewu ikambidwe poyera, osaizemba. Ulendo wa kuphiri sungalowe m'malo mwa zimenezi, ndipo wina asadzautenge ngati njira yotsekera anthu pakamwa. Koma sibwino kuti munthu azisenza mavuto a malo amene ubwino wake amangoumva kwa alendo. Nthawi ina anthu a m'malire ankaloledwa kulowa kukatola matondo ndi kupachika ming'oma ya njuchi, ndipo ambiri ankaiona nkhalangoyi kuti ili ndi kanthu kawo. Kukwera phiri ndi gawo laling'ono la ufulu womwewo.

Kodi zingatheke bwanji? Mtengo wolowera kwa Mmalawi ndi wotsika kusiyana ndi wa mlendo wakunja, choncho vuto lalikulu ndi mayendedwe. Sukulu ya kumudzi ilibe galimoto, ndipo makolo amene akuvutika kupeza feteleza sangasonkhe ndalama ya lole. Apa ndiye ndikupempha a nthambi yoona za mapaki ndi nyama zakutchire, bungwe la KAWICCODA lomwe limaimira midzi yozungulira nkhalangoyi, a WESM omwe amathandiza makalabu a zachilengedwe m'sukulu, ndi mabungwe akunja amene anathandiza kusamutsa njovu, kuti akhale pansi apatule masiku angapo pa teremu oti sukulu za m'malire zizilowa mwaulere, galimoto n'kupezeka. Eni maesiteti ali ndi malole omwe amangokhala msika wa fodya ukatsekedwa. Mipingo imapeza mayendedwe opitira ku misonkhano ya chitsitsimutso, singalephere ulendo umodzi wa ana a Sande sukulu. Aphungu ndi makhansala athu nawonso angathe kuikapo mtima. Ayambe ndi ana a Sitandade 7, omwe alibe mpanipani wa mayeso a boma koma ndi aakulu moti n'kumvera malangizo a renja. Ndipo atsikana asasiyidwe kunyumba ndi chifukwa choti kuli ntchito.

Amene angakonze ulendowu asankhe bwino nyengo. Kuyambira Meyi mpaka Julayi mvula imakhala itatha, misewu itauma, mlengalenga muli mbee, maso amafika kutali. Ogasiti akafika utsi wa lupsa umayamba kuphimba mapiri akutali, ngakhale kuti cha mu Seputembala mitengo ya miombo imaphuka masamba ofiira ndi achikasu, tchire lonse n'kusintha mtundu mvula isanagwe n'komwe. M'dzinja thanthwe lonyowa limaterera, osayerekeza kukwezapo ana. Masana enieni mwala umatentha moti wa patapata amavutika, choncho ndi bwino kukwera m'mawa kapena dzuwa litapendeka, koma kuwerengera nthawi yoti mutuluke kusanade. Aliyense atenge madzi akumwa. Chinanso chomwe ambiri sachidziwa: kashembe amakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu, ndipo mayunifomu a sukulu zambiri ndi abuluu. Tsiku limenelo ana aloledwe kuvala zotuwa kapena za mtundu wa khaki, zamanja aatali ngati zilipo. Majumbo ndi mabotolo abwerere nawo kunyumba, ndipo pasapezeke wolemba dzina lake ndi penti pa thanthwe monga tachitira ndi miyala ya m'mbali mwa misewu yathu.

Kwa inu akonzi, tumizani mtolankhani wanu adzakwere limodzi ndi gulu loyamba la anawa. Asadzangofunsa mabwana a mu ofesi. Adzakhale pafupi ndi agogo aja pamene akuloza komwe kunali mudzi wawo, adzalembe mayina a mitsinje ndi mapiri monga mmene iwo akuwatchulira, n'kuwasindikiza m'Chichewa kuti sukulu zathu zidzakhale nawo.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Kasungu